Chibaba chimatsala bwanji pamene kukoma kunatha kale?

Mlangizi: Moni nonse. Ndili ndi funso limene lakhala likundisautsa pa ntchito yanga yothandiza anthu ofuna kusiya mankhwala osokoneza bongo. Ambiri mwa iwo, ngakhale kuti sadziwana, amandiuza mawu amodzimodzi. Amati mankhwalawo anasiya kalekale kuwakomera, kuti akasuta kapena akadzibaya samvanso chilichonse chofanana ndi masiku oyamba aja, koma chibaba ndiye chikungokulirakulira. Ife kusukulu tinauzidwa kuti mankhwalawa amachulukitsa dopamine, mthenga amene maselo amatumizirana mu ubongo, ndipo kuti dopamine ndiye mwini chisangalalo. Ngati zili choncho, zingatheke bwanji kuti munthu agulitse katundu wa m'nyumba chifukwa cha chinthu chimene iye mwini akuti sichikumukomeranso? Kodi akunama, kapena ndife amene tinaphunzira moperewera?

Mphunzitsi wa sayansi: A mlangizi, anthu anuwo sakunama, ndipo zimene akunenazo ndi zomwe ochita kafukufuku anazipeza mochedwa kwambiri. Cholakwikacho chili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1954, James Olds ndi Peter Milner a pa yunivesite ya McGill ku Montreal anaika kawaya kopyapyala mkati mwa ubongo wa khoswe, n'kukonza kuti khosweyo akadina kachitsulo m'khola mwake, mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi izilowa pamalo pamene kawayako kanathera. Makoswe anayamba kudina kachitsuloko mosalekeza, ndipo m'kafukufuku wotsatira ena ankadina maulendo masauzande angapo pa ola limodzi, ena mpaka kusiya chakudya ali ndi njala. Anthu atamva izi anati malo a chisangalalo mu ubongo apezeka. Koma taonani bwino chimene chinayezedwa: chinali kuchuluka kwa kudina, osati kukoma. Palibe amene anafunsa khoswe ngati akusangalala.

Pambuyo pake zinadziwika kuti mawaya amene ankagwira bwino ntchito anali pafupi ndi njira ya minyewa yochokera m'katikati mwa ubongo, pamalo otchedwa ventral tegmental area, kupita kutsogolo pamalo otchedwa nucleus accumbens, ndipo kuti maselo a njira imeneyi amatumiza uthenga wawo pogwiritsa ntchito dopamine. Arvid Carlsson wa ku Sweden anali ataonetsa kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti dopamine ndi mthenga woima payekha mu ubongo, ntchito imene inamupezetsa mphotho ya Nobel mu 2000. Kenako mu 1988 Gaetano Di Chiara ndi Assunta Imperato ku Cagliari ku Italy anaonetsa kuti mankhwala amene anthu amamwerekera nawo, monga kokeni, amphetamine, morphine, nikotini ndi mowa, onse amakweza dopamine mu nucleus accumbens ya khoswe. Zinthu ziwirizi zitalumikizidwa, mawu akuti dopamine ndi chisangalalo analowa m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo mpaka lero sakufuna kutulukamo.

Wophunzira udokotala: Ndiwonjezerepo pang'ono pa zimene aphunzitsi anena, chifukwa chimene chinandidabwitsa ine ndi chakuti mankhwalawa amafika pamalo amodzi kudzera njira zosiyana kotheratu. Dopamine akatuluka m'selo, pali timapampu timene timamubwezera mkati kuti uthenga usatalike. Kokeni amatseka timapamputo, choncho dopamine amatsalira panja nthawi yaitali. Amphetamine amachita zoposa pamenepo, chifukwa amatembenuza timapamputo kuti tizitulutsa m'malo mobweza. Nikotini amadzutsa mwachindunji maselo opanga dopamine. Heroin ndi morphine amazembera, pakuti amagonetsa maselo ena amene ntchito yawo ndi kuletsa maselo a dopamine kuti asapitirire muyeso, ndiye mlonda akagona maselo aja amathamanga mwaufulu.

Mphunzitsi wa sayansi: Zoonadi. Tsopano tifike pa funso la a mlangizi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Kent Berridge ndi Terry Robinson a pa yunivesite ya Michigan anawononga njira ya dopamine mwa makoswe kotero kuti pafupifupi dopamine yense anatha. Makoswe otere amasiya kufuna chakudya, ndipo akhoza kufa ndi njala chakudya chili pamphuno ngati sadyetsedwa ndi anthu. Berridge ankayembekezera kuti makoswewa sadzamvanso kukoma. Koma atawadonthezera madzi a shuga m'kamwa, ankanyambita milomo ndi kutulutsa lilime chimodzimodzi ngati makoswe abwinobwino. Kukoma kunalipo, chimene chinasowa ndi kufuna.

Apa ndi pamene anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timaziona ngati chimodzi: kukonda chinthu chikafika m'kamwa, ndi kuchifuna mpaka kudzuka kukachisaka. Dopamine ali kumbali ya kufuna. Kukoma kwenikweni kumakulitsidwa ndi timalo ting'onoting'ono mu nucleus accumbens ndi m'dera loyandikana nalo lotchedwa ventral pallidum, timene timayankha kwambiri mankhwala achilengedwe a m'thupi ofanana ndi morphine. Mu 1993 awiriwa anafotokoza ganizo lawo lokhudza kumwerekera: munthu akamabwereza mankhwala, njira ya kufuna imasanduka yosachedwa kudzuka, makamaka akaona zinthu zomukumbutsa mankhwalawo, pamene njira ya kukoma imakhala pomwepo kapenanso kuzilala. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi umene anthu anu akuufotokoza.

Wokayikira: Pepani aphunzitsi, koma pamenepa mukundisokoneza. Mwangodzudzula kumene Olds ndi Milner kuti sanafunse khoswe ngati akusangalala, ndiye Berridge anamufunsa? Kunyambita milomo kungakhale kachitidwe wamba ka minofu ya kukamwa. Ndikuona ngati tikuika maganizo a munthu m'mutu mwa khoswe pamene zikutikomera, n'kuwachotsamo pamene zikutisokoneza.

Mphunzitsi wa sayansi: Funso lanu ndi loyenera, achimwene, ndipo ofufuza enanso analifunsa. Yankho lili pawiri. Poyamba, nkhope imeneyi si ya makoswe okha, pakuti khanda longobadwa kumene ndiponso anyani amanyambita chimodzimodzi akalawa chotsekemera, ndipo onsewa amayasamula kukamwa monyansidwa akalawa chowawa. Chachiwiri, kunyambitako kumasintha malinga ndi mmene thupi lilili. Khoswe wanjala amanyambita kwambiri kuposa wokhuta, ndipo ngati anadwala atalawa chinthu chotsekemera, tsiku lina amachiyasamulira ngati chowawa. Minofu yokha singachite zimenezo.

Koma ngati makoswe sakukukhutiritsani, pali umboni wa anthu. Odwala matenda a Parkinson amataya maselo a dopamine, ndipo ena amapatsidwa mankhwala monga pramipexole amene amadzutsa malo olandirira dopamine. Ena mwa odwalawa, anthu amene moyo wawo wonse anali odziletsa, amayamba mwadzidzidzi juga yosaletseka, kugula zinthu mosaganiza kapena kudya mopitirira, ndipo mankhwala akachepetsedwa khalidwelo nthawi zambiri limatha. Chimene chinakula mwa iwo ndi chikoka chosawalola kukhala pansi.

Wophunzira udokotala: Palinso kafukufuku wa John Salamone wa ku Connecticut amene amagwirizana ndi zimenezi. Khoswe amapatsidwa njira ziwiri, ina ya chakudya chochepa chosavuta kufikira, ina ya chakudya chambiri koma chotchingidwa ndi kampanda kofunika kukwera. Khoswe wabwinobwino amakwera. Amene dopamine wake wachepetsedwa mu nucleus accumbens amasankha chochepa chija, koma kampanda kakachotsedwa amapita ku chambiri. Akudziwa kumene kuli chabwino, chimene wataya ndi mtima wochivutikira.

Mlangizi: Izi zikumveka, koma n'chifukwa chiyani chibabacho chimabwera ndi malo kapena anthu ena ake? Wina anandiuza kuti akhoza kutha milungu itatu ali bwinobwino, koma akangodutsa pakhomo pamene ankagulira, thupi lonse limanjenjemera.

Mphunzitsi wa sayansi: Pamenepo tiyenera kutchula Wolfram Schultz, amene ankayeza maselo a dopamine limodzilimodzi mwa anyani ali maso, ali ku Fribourg ku Switzerland. Nyani akalandira dontho la madzi a zipatso mosayembekezera, maselowo amathamanga kwa kamphindi. Akaphunzira kuti nyali inayake ikayaka dontholo likubwera, maselo amasiya kuyankha dontho lenilenilo n'kuyamba kuyankha nyali. Ndipo nyali ikayaka koma dontho osabwera, maselowo amakhala chete pa nthawi yeniyeni imene dontholo limayenera kufika. Mu 1997 Schultz pamodzi ndi Peter Dayan ndi Read Montague anafotokoza kuti maselowa amalengeza kusiyana kwa zimene zinayembekezeka ndi zimene zachitika, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene ubongo umaphunzirira chimene chili choyenera kutsatira.

Ndiye ganizirani izi. Chakudya chikazolowereka, uthenga wa "izi zaposa zimene ndimayembekezera" umazilala, chifukwa palibenso chachilendo. Koma kokeni amakweza dopamine ndi mphamvu ya mankhwala, kaya munthu amayembekezera kapena ayi. Ofufuza ena amaganiza kuti ubongo umalandira uthenga wabodzawo ulendo uliwonse, n'kumapitiriza kulemba khomo lija, mnzake uja ndi nthawi ija ya tsiku ngati zinthu zofunika koposa. Ganizo limeneli silinavomerezedwe ndi onse, koma mfundo yakuti zokumbutsa zimatenga mphamvu ya mphotho ndi yokhazikika. Barry Everitt ndi Trevor Robbins ku Cambridge anawonjezera kuti m'kupita kwa nthawi ulamuliro wa khalidweli umasamuka kuchoka kumunsi kwa dera la ubongo lotchedwa striatum, kumene kuli nucleus accumbens, kupita kumtunda kwake, kumene kumakhala zizolowezi zochitika munthu asanaganize. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pankhani iyi khwawalo limakumbidwa ndi kubwereza.

Wosiya fodya: Ine ndinasiya fodya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Masiku ano fungo lake limandinyansa, ndipo sindikunama. Koma ndikamaliza kudya, nthawi zina dzanja langa limapita lokha kuthumba la malaya kumene paketi inkakhala. Ndawerenga zonsezi ndikugwedeza mutu.

Namwino: Ndatsatira bwino zokambiranazi, koma ndikuona kuti mbali imodzi yatsalira, ndipo ndi mbali imene ife osamalira odwala timaiona tsiku ndi tsiku. Munthu amene wasowa heroin kwa tsiku limodzi sakhala akulakalaka chabe. Amatuluka thukuta, amatsegula m'mimba, mafupa amamuphwanya, tulo sabwera, ndipo mtima umakhala pa mantha osaneneka. Wa mowa akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka ngati wa khunyu mpaka kufa, n'chifukwa chake chidakwa chenicheni sichiyenera kusiya chokha popanda achipatala. Anthu otere samwa kuti akwere kumwamba, amamwa kuti atuluke m'dzenje.

Wofufuza wa ku America George Koob wathera zaka zambiri pa mbali imeneyi. Iye anaonetsa kuti ubongo ukamakankhidwira mbali imodzi mobwerezabwereza, umakankha mobwezera. Njira ya mphotho imafooka, ndipo m'dera la ubongo lokhudzana ndi mantha lotchedwa amygdala ndi malo oyandikana nalo mumachuluka amithenga a nkhawa monga CRF ndi dynorphin. Mu 1998 iye ndi Serge Ahmed anapeza kuti makoswe opatsidwa kokeni ola limodzi patsiku ankamwa muyeso wosasintha, pamene opatsidwa maola asanu ndi limodzi ankawonjezera tsiku ndi tsiku. Kwa ine zimenezi zikufotokoza odwala anga bwino kuposa nkhani ya kufuna ndi kukonda.

Mphunzitsi wa sayansi: Amayi, sindikutsutsa, ndipo kwa heroin ndi mowa mbali imeneyo ndi yaikulu kwambiri. Chimene sichikwanira ndi ichi: anthu ambiri amabwerera patapita miyezi, kuphwanya kwa thupi kutatha kale. Mu 2001 gulu la Yavin Shaham linapeza kuti makoswe amene asiyitsidwa kokeni amasaka mankhwalawo mwamphamvu kwambiri akaona chokumbutsa patatha masiku 60 kuposa patatha tsiku limodzi. Chibaba chodzutsidwa ndi zokumbutsa chimakula mwakachetechete m'miyezi yoyamba. Ndiye ndinganene kuti dzenje lanulo ndi chikoka chimene ndikunena zimagwira munthu mmodzi yemweyo pa nthawi zosiyana.

Wokayikira: Ndibwerenso, chifukwa nonse mukulankhula ngati ubongo ukagwidwa ndiye kuti zatha. Nanga asilikali a ku America amene anali ku Vietnam? Lee Robins anatsatira amene anabwerera kwawo mu 1971. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ananena kuti anali kapolo wa heroin kapena opium ali kunkhondo, koma mwa amenewo, pafupifupi 5 pa 100 alionse ndi amene anagwidwanso m'chaka choyamba, ndipo pafupifupi 12 pa 100 m'zaka zitatu. Nanga Bruce Alexander wa pa yunivesite ya Simon Fraser ku Canada, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti makoswe okhala m'khola lalikulu ndi anzawo ankamwa morphine wochepa kuposa otsekeredwa okhaokha? Ndipo ku Bordeaux ku France mu 2007, makoswe atapatsidwa mwayi wosankha pakati pa kokeni ndi madzi otsekemera, 94 pa 100 alionse anasankha madziwo. Ngati ndi matenda a ubongo, ndi matenda otani amene amathawa munthu akasamuka kapena akapatsidwa chosankha china?

Wophunzira udokotala: Zitsanzo zanu ndi zoona, koma ziwiri mwa izo ziyenera kugwiridwa mosamala. Kafukufuku wa Alexander anali ndi makoswe ochepa, ndipo ena amene anayesa kumubwereza sanapeze zofanana nthawi zonse. Pa za madzi otsekemera, gulu lomwe linachita kafukufukuyo linadzaonetsa kuti kukoma kwa m'kamwa kumamveka nthawi yomweyo pamene mphamvu ya kokeni imachedwa kufika, ndipo kuchedwako kumakhudza chisankho. Komabe mfundo yanu yaikulu yaima, chifukwa mu 2018 Marco Venniro ndi Shaham anapeza kuti makoswe ozolowera methamphetamine kapena heroin ankasankha kucheza ndi khoswe mnzawo m'malo mwa mankhwala pafupifupi ulendo uliwonse.

Kumene ndikusiyana nanu ndi poganiza kuti zimenezi zikutsutsa nkhani ya ubongo. Asilikali aja atabwerera kwawo anasiya kumbuyo malo, anzawo, mantha a nkhondo ndi heroin wotchipa wosavuta kupeza, ndiye kuti anasiya zokumbutsa zonse zimene aphunzitsi afotokoza. Ndipo si aliyense wogwiritsa ntchito mankhwala amene amakhala kapolo. Mu 2004 gulu la Pier Vincenzo Piazza ku Bordeaux linasiya makoswe kuti adzibaye kokeni kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako linayesa zinthu zitatu: kupitiriza kusaka ngakhale chizindikiro chikusonyeza kuti mankhwala palibe, kulolera kugwira ntchito yochuluka kuti apeze pang'ono, ndi kupitiriza ngakhale kusakako kukubweretsa magetsi opweteka kumapazi. Pafupifupi 17 pa 100 alionse ndi amene anaonetsa zonse zitatu, ngakhale kuti onse anali atamwa mofanana. Kagulu kakang'ono kameneko ndi kamene kamafika kwa a mlangizi ndi kwa amayi namwino.

Mphunzitsi wa sayansi: Ndipo malo okhala amalowa mu ubongo momwemo, sakhala kunja kwake. Pa yunivesite ya Wake Forest ku America mu 2002, gulu la Michael Nader linatenga anyani amene ankakhala aliyense payekha n'kuwaika m'magulu a anayianayi. Amene anakhala olamulira gulu, malo awo olandirira dopamine otchedwa D2 anachuluka ndi pafupifupi 20 pa 100, ndipo atapatsidwa mwayi wa kokeni ankamwa wochepa kuposa oponderezedwa. Nora Volkow, amene anayamba kutsogolera bungwe la ku America lofufuza za mankhwalawa mu 2003, anali atajambula kale ubongo wa anthu ogwiritsa ntchito kokeni ndi makina a PET, n'kupeza kuti D2 ndi wochepa ngakhale patapita miyezi atasiya, ndipo kuti kuchepako kumayendera limodzi ndi kufooka kwa mbali ya kutsogolo kwa ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa. Ngati kuchepako ndi chiyambi kapena chotsatira, zikuoneka kuti ndi zonse ziwiri, pakuti ofufuza a ku Cambridge mu 2007 anapeza kuti makoswe opupuluma mwachibadwa anali kale ndi malo olandirirawa ochepa asanalaweko kokeni, ndipo ndiwo amene anadzamwa kwambiri.

Wokayikira: Ndikuvomera kuti zonse zimadutsa mu ubongo, koma kuphunzira chinenero nakonso kumasintha ubongo ndipo sitikutcha matenda. Mantha anga ndi akuti munthu akauzidwa kuti ubongo wake unawonongeka, amataya chikhulupiriro choti angathe kusintha.

Namwino: Ine ndaonanso mbali inayo, achimwene. Munthu akauzidwa kuti vuto lake ndi kufooka kwa khalidwe basi, amabisala chifukwa cha manyazi, ndipo abale ake amakana mankhwala amene akanamupulumutsa, n'kumati mukungosintha chizolowezi china ndi china. Chikhalirecho methadone, mankhwala a kuchipatala olowa m'malo mwa heroin, amene Vincent Dole ndi Marie Nyswander anayamba kumugwiritsa ntchito ku New York m'zaka za m'ma 1960, pamodzi ndi buprenorphine, amachepetsa kwambiri imfa pakati pa ogwiritsa ntchito heroin, chifukwa amakhala nthawi yaitali pamalo omwewo olandirira heroin, n'kuletsa kukwera ndi kugwa kumene kumayendetsa moyo wa munthuyo. Koma nanunso muli ndi umboni kumbali yanu. Kwa kokeni ndi methamphetamine, kumene mankhwala othandiza otsimikizika sanapezeke, njira imene yaonetsa zotsatira zabwino ndi imene Stephen Higgins anaiyesa ku Vermont kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yopatsa munthu kamphotho kakang'ono nthawi yomweyo mkodzo wake ukapezeka wopanda mankhwala. Njira imeneyi singagwire ntchito pa munthu amene sangathenso kusankha. Chisankho chilipo, koma chinapendekeka, ndipo mphotho yapafupi imachiwongolako.

Mlangizi: Zikomo nonse. Chimene ndatolapo pa ntchito yanga n'chakuti munthu akandiuza kuti sakumvanso kukoma, ndisamaganize kuti watsala pang'ono kusiya, komanso kuti mwezi wachiwiri ndi wachitatu si nthawi yochepetsa kukumana naye monga ndakhala ndikuchitira. Ndiyambanso kulemba naye limodzi malo, anthu ndi nthawi zimene zimamudzutsira chibaba. Amayi namwino, pali china chimene ndiyenera kuwauza amene akubwera kuchokera kuchipatala kapena kundende atakhala nthawi osagwiritsa ntchito?

Namwino: Chilipo, ndipo muziwauza tsiku loyamba lomwe, ngakhale akulumbira kuti sadzabwereranso. Thupi likakhala milungu ingapo popanda heroin limataya kuzolowera kuja, koma chibaba chimakumbukira muyeso wakale, ndipo muyeso umenewo tsopano ukhoza kuimitsa kupuma. Kafukufuku wa akaidi otulutsidwa m'boma la Washington ku America, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'milungu iwiri yoyamba chiopsezo chawo chofa ndi mankhwala opitirira muyeso chinali chokwera maulendo 129 kuposa cha anthu ena. Malo nawonso ali ndi mbali yake. Shepard Siegel wa pa yunivesite ya McMaster ku Canada anaonetsa mu 1982 kuti makoswe ozolowera heroin ankafa ambiri akabayidwa muyeso waukulu m'chipinda chachilendo kuposa m'chipinda chimene anazolowera kubayidwiramo, chifukwa malo odziwika amachenjeza thupi kuti likonzekere. Choncho auzeni kuti ngati zitachitika kuti abwerera, asakhale okha, asasakanize ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa, ndipo kumene naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapitirira muyeso wa heroin, amapezeka, wina wa m'nyumba mwawo amusunge ndi kuphunzira kumugwiritsa ntchito. Naloxone amachotsa heroin pamalo ake olandirira m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha msanga kuposa ya mankhwala ena, ndiye ngakhale munthuyo atatsitsimuka ayenera kupita naye kuchipatala.